Tsiku Limene Wayilesi Anaona Mtima

Pa benchi ya kachipatala ka m'dera lawo, Wayilesi anakhala chofulatira bambo ake. Dzinali anamupatsa ndi bambo akewo, chifukwa chilichonse chimene wamva ankachiulutsa nyumba yonse asanavule n'komwe nsapato za kusukulu. Koma masiku amenewa sankawayankhula bwinobwino.

Chinautsa mkwiyo chinali sewero. Wayilesi anapatsidwa mbali yaikulu m'sewero la kusukulu, ndipo bambo ake analonjeza kukaonera. Anavala jekete n'kunyamuka naye limodzi, koma atafika pa chitunda cha pafupi ndi sukuluyo anaima, anagwira mtengo wa magetsi n'kunena kuti, "Tsogola, ndikupeza." Sanamupeze, ndipo madzulo ake sanapepese. Ndiponso anali atasintha. Kalipentala amene kale ankapala chitseko akuimba mluzu tsopano ankangokhala pa mpando mu shedi yake, n'kumakalipira antchito ake pa tinthu tosadziwika bwino. Wayilesi anagamula yekha mlanduwo: bambo ayamba kudzimva.

Tsikuli anawaperekeza kuchipatalako chifukwa chotumidwa ndi mayi ake, amene sakanatha kujomba ku fakitale yosoka zovala. Bambo ataitanidwa, iye anatsala panja. Chitseko sichinatsekeke bwino, koma phokoso la ana olira linkameza mawu ambiri. Anangotolako pang'ono.

"Ndisakubisireni, bambo," anatero adokotala. "Mtima wanu wakula. Wakula kwambiri, ndipo mukapitiriza chonchi sizitha bwino."

Wayilesi anadziluma chala kuti asaseke. Ngakhale munthu wachilendo wawatulukira! Pobwerera bambo ankayenda pang'onopang'ono ali duu, ndipo iye anati ndi manyazi.

Madzulo akudya, mayi anafunsa za kuchipatala.

"Akuti kutopa chabe. Ndizipuma," anayankha bambo osadzutsa mutu. Kenako anatembenukira kwa Wayilesi. "Iwe, madzi akumwa ali kuti? Ukungokhala ngati mlendo."

Wayilesi anaika jagi pa tebulo mwamphamvu. "Si kutopa ayi, amayi. Adokotala awauza chilungamo. Akuti akula mtima."

Mlongo wake wamng'ono anaseka mpaka kutsamwa. Wayilesi anayembekezera kukalipiridwa, koma bambo anangoyang'ana m'mbale mwawo. Mayi anaika supuni pansi.

"Bwereza. Unene ndendende mmene ananenera adokotalawo."

"Anati, 'Mtima wanu wakula. Wakula kwambiri.'"

"Anati 'mwakula mtima', kapena 'mtima wanu wakula'?"

"Nanga si chimodzimodzi?"

Mayi anayang'ana amuna awo, kenako anayang'ana pansi pa tebulo, pa mapazi otupa amene ankakana kulowa m'masilipasi.

"Bambo a ana, n'zoona zimenezi?"

Bambo anapuma mozama. "Akufuna ndikajambulitse ku chipatala chachikulu. Sindinafune kukuopsezani."

Wayilesi anayang'ana uku ndi uku.

Tsiku lokajambulitsa Wayilesi anakakamira kupita nawo limodzi ndi makolo ake. Mayi wojambula, wamfupi, wa magalasi olendewera pa chingwe, anamuona akusuzumira pakhomo n'kumukodola. "Lowa, mwanawe. Ima apa, koma usakhudze kanthu."

Chipindacho chinali cha mdima pang'ono ndiponso chozizira. Bambo anagona chammbali atavula malaya, nthiti zikuonekera kuposa mmene Wayilesi ankaganizira. Mayi uja anawapaka mafuta oterera pachifuwa, n'kukanikizapo kachipangizo kooneka ngati tochi. Pa sikirini panaoneka zotuwa, zokhala ngati utsi. Anasuntha dzanja pang'ono, utsi uja unapatuka, ndipo pakati pake panali chinthu chikuyenda.

Chinkafinyika n'kumasuka, kufinyika n'kumasuka, popanda wochikankha. M'kati mwake munali zipinda, ndipo pakati pa zipindazo panali tizitseko topyapyala ngati mapiko a gulugufe, tikutseguka ndi kutsekeka. Mayi wojambula anadina batani, magazi n'kuoneka ngati malawi ofiira ndi abuluu akuthamanga kudutsa pa tizitsekoto. Anadinanso lina, chipinda chonse chinadzaza ndi mkokomo: *fuu-du, fuu-du, fuu-du*.

"Ndi umenewo?" ananong'ona Wayilesi.

"Ndi umenewo. Kodi umati ukhala wotani?"

Mawu akuti mtima Wayilesi ankawatchula tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi a masamu anali ouma mtima, mnzake wa pa desiki anali wa mtima wapachala, mayi ankamuuza kuti akhazike mtima pansi mayeso akayandikira. Ngakhale m'buku la sayansi anaujambulapo n'kukhoza bwino. Koma sanaganizepo kuti m'chifuwa cha bambo ake, pansi pa thumba la malaya lokhalamo pensulo, muli kanyama kamoyo kamene kanayamba ntchito iwo asanabadwe, ndipo sikanapumepo, ngakhale iwo ali m'tulo.

Bambo nawo anapotoza khosi kuti aone. Anayang'anitsitsa kwa nthawi, maso ali mwaa.

"Amene anapachika tizitsekoti ndi mmisiri," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi, popanda msomali, popanda girisi." Analoza ndi chala. "Koma ako sikakutsekeka bwino. Kakanakhala ka kasitomala wanga ndikanakapala pang'ono m'mbali."

Mayi wojambula anaseka. "Muli ndi diso, bambo. Kameneko kakubweza magazi m'mbuyo, ndiye mtima ukugwira ntchito kawiri. N'chifukwa chake wakula." Anatembenukira kwa Wayilesi. "Kunga chibakera. Mtima wa munthu umakhala ngati chibakera chake. Tsono taona wa bambo akowu pamene wafika."

Wayilesi anayang'ana dzanja lalikulu la bambo ake, kenako sikirini ija.

"Kodi zimapweteka?"

"Zimatopetsa. Malo okwera, munthu amabanika ngati akumira m'madzi. Ena amachita manyazi kunena, amangokhala okwiyakwiya."

M'maso mwa Wayilesi munabwera munthu wa jekete atagwira mtengo wa magetsi. Tsiku lija anaona msana wawo wokha, sanabwerere kuti awaone kumaso. Misozi inatsika yokha, koma sanachotse maso pa tizitseko tija.

Adokotala aakulu anati mankhwala athandiza, bola asiye kunyamula matabwa olemera ndiponso azibwera kudzaonedwa. Mayi ake a Wayilesi anapita kukaima pa mzere wa mankhwala, n'kuwasiya awiriwo pa benchi ya mu khonde. Bambo ankamanga mabatani a malaya pang'onopang'ono.

"Bambo, ine ndimaganiza kuti adokotala aja amatanthauza…"

"Ndikudziwa zimene umaganiza." Anamwetulira chammbali. "Unamva molakwika, koma sunaphonye kwenikweni. Munthu kubisira mkazi wake matenda, n'kumakalipira ana osalakwa, ukuti n'chiyani chimenecho?"

"Ndinakukwiyirani pachabe."

"Nanenso ndinakusiya wekha osakuuza chifukwa. Tonse tili ndi mlandu."

Anamwino ankadutsa ndi machira, wina ankakolopa chapatali. Wayilesi anasendera pafupi, zimene anali asanachite kuyambira ali wamng'ono.

"Ndingaumvere nawo?"

Bambo anayang'ana anthu odutsa, anakanda m'mutu, kenako anatambasula mkono. Wayilesi anagunditsa khutu pa malaya onunkhira utuchi. Poyamba anangomva mpweya ukulowa ndi kutuluka. Kenako, pansi pake, anaumva: wofooka, wothamanga pang'ono, koma osaima.

"Ukuti bwanji?" anafunsa bambo.

"Dikirani kaye, bambo," anatero Wayilesi atatsinzina. "Ndikumvetsera."