Manja a Anzake

Pa bwalo la bungwe la osema miyala panali munthu wina amene anzake ankamutcha Fumbi, chifukwa chomwe ankapita nacho kunyumba madzulo chinali fumbi basi, m'tsitsi ndi m'mphuno. Anagogoda mwala zaka khumi ndi ziwiri, koma zosema zake zinkangokhala pashelefu ya kumapeto mpaka akangaude kumangapo. Banja linkadya chifukwa cha mkazi wake, telala wa pakhonde, amene ankapalasa makina mpaka miyendo kutupa.

Chinkamupweteka Fumbi si njala ayi, koma kuona ogula akumulambalala n'kukaima pashelefu ya aTcheya, mkulu amene anamuphunzitsa kugwira tchizulo. Ankaseka nawo, ankawanyamulira katundu kukaika m'galimoto za ogula, koma mumtima munkawira.

Bungwelo linali ndi kachitidwe kake. Lachisanu palibe ankasema. Onse ankakhala pabenchi lalitali, mabeseni a madzi pakati pa miyendo, aliyense n'kupereka chosema chake kwa mnzake kuti amusalazire ndi sandipepa, popeza diso la mnzako limaona zipsera zimene iwe wazizolowera. Kenako mwini ankatenthetsa mwalawo pamoto n'kuupaka phula kuti uwale. Panalibe zolipirana.

Tsiku lina masana Fumbi anazemba, nakalowa m'kachipinda ka sing'anga wina kuseri kwa malo ogulitsa zitsulo zakale. Sing'angayo anamuyang'ana m'manja, osati kumaso.

"Mwabwera ndi nsanje yokhwima, bambo. Yoteroyo mankhwala amagwira msanga."

"Ine ndikungofuna miyala yanga izigulidwa."

Sing'anga anatulutsa kachitini ka phula lakuda. "Muzipaka ili. Wogula akangogwira mwala, sausiyanso. Koma phulali limadya."

"Limadya chiyani? Nkhuku?"

"Nkhuku ili ndi manja? Amene wakusalazirani mwala, mukangopaka ili, mphamvu ya m'manja mwake itsalira m'mwalamo. Pa waganyu siligwira ntchito. Akhale wokuchitirani mwaulere, ndi mtima wake wonse."

"Amwalira?"

"Ayi, safa. Amangouma zala. Kodi kwanuko okuthandizani mwaulere alipo?"

Fumbi anaganiza za benchi lija. Sanachedwe n'komwe kuyankha. "Alipo ambiri."

Lachisanu lotsatira anapereka chosema cha mayi woyamwitsa kwa aTcheya. Mkuluyo anachisalaza mosamala, akuimba chapansipansi, n'kumuonetsa pomwe phewa linali ndi chipsera. Lolemba chinagulidwa pamtengo umene bwalo lonse linali lisanaumvepo. Anzake anamunyamula m'mwamba, osadziwa kuti akuvinira tsoka lawo.

Patapita masiku atatu, tchizulo chinagwa m'manja mwa aTcheya. Anawerama kuti atole, zala zinakana. Zinapindika, zinazizira, zinatuwa ngati mwala wosapaka. Kuchipatala anapima zonse koma sanapeze kanthu. Fumbi ndiye anali woyamba kukawazonda, atanyamula shuga ndi sopo. Manyazi analibe munthu ameneyu.

Chaka chisanathe anali atamanga nyumba ya mpanda, akuyenda pagalimoto. Anauza mkazi wake kuti asiye kusoka, koma mayiyo anakana. "Makina awa ndi amene atilera, bambo. Sindingawataye chifukwa lero kwacha bwino." Za kachitini sankadziwa chilichonse.

Pabenchi paja anthu ankacheperachepera. Atauma munthu wachinayi, mayi wina wosema mbalame anakhala pansi n'kukumbukira Lachisanu lililonse, ndani anasalazira ndani. Anayi onsewo anali atagwira miyala ya Fumbi. Bungwe linaitanitsa msonkhano, ndipo aTcheya anabwera manja ali pamiyendo, batani la malaya atawamangira mkazi wawo.

"Mwana wanga," anatero, "manja awa ndi amene anakugwiritsa tchizulo tsiku loyamba. Unawagulitsa zingati?"

"Ndi nsanje chabe imeneyi," Fumbi anayankha. "Mukudana n'kuti ndatukuka."

Anamuchotsa m'bungwe tsiku lomwelo. Iye anatuluka akugwedeza makiyi a galimoto, ndipo kunyumba anakanena kuti anzake amuchitira kaduka. Mkazi wake anakhulupirira, nalira naye.

Ndiye kunabwera mwini hotela ina kufuna chosema chachikulu cha pakhomo. Fumbi anachisemera pabwalo la nyumba yake, chinatha, koma womusalazira panalibe. Anzake akale akamuona ankapisa manja m'matumba. Tsiku loti katundu atengedwe linayandikira, iye osadya, akungozungulira mwalawo. M'mawa wina anabwerera kwa sing'anga.

"Fewetsani lamulo lija. Ondithandiza anatha."

"Anatha?" Sing'anga anamwetulira. "Mwalawo mwausiya kuti?"

"Kunyumba."

"Kunyumbako kulibe wokukondani?"

Fumbi anathamanga mpaka kuiwala galimoto pomwe anaimika. Atakankha geti, anapeza moto ukuzilala pabwalo, beseni la madzi otuwa pambali, ndipo mwala uja ukuwala mochititsa mantha. Mkazi wake anali chogwada, akupukuta thukuta ndi mkono, nkhope ili mwee.

"Ndakuonani mukuvutika, bambo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuonerera, ndiye ndimvekere, chovuta n'chiyani? Ndasalaza ndekha. Ndapakanso phula limene ndalipeza m'sutikesi mwanu. Taonani kukongola!"

Fumbi anagwira manja a mkazi wake. Anali ofunda, onunkha phula. Anawatsuka ndi sopo, ndi mchenga, ndi palafini, mayiyo akuseka kuti mwamuna wake wapenga ndi chimwemwe. Anatenga nyundo yaikulu n'kuphwanya mwalawo zidutswazidutswa. Anabwerera kuseri kwa zitsulo zakale kuja, koma m'kachipindamo anapezamo matayala okhaokha.

Tsiku lachitatu, mkazi wa Fumbi akulowetsa ulusi, singano inagwa pansi. Sanathenso kuitola.

Nyumba inagulitsidwa, galimoto inapita. Makina osokera ali pakona ya kachipinda ka lendi, atafunditsidwa nsalu. Amene amabwera Lachisanu lililonse kudzamusambitsa mayiyo ndi kumupesa tsitsi ndi mayi wosema mbalame uja, wotumidwa ndi bungwe lomwe Fumbi analidya.

Fumbi yekha amakhala kunja kwa mpanda wa bwalo la osema, atavala nsanza, akukhutiza kamwala ka mumsewu ndi sandipepa yotha mpaka zala kutuluka magazi. Aliyense wodutsa amamutambasulira manja. "Ndikusalazireni, achimwene, mwaulere! Tengani angawa!" Koma manja ake palibe chowachitikira. Ndi amphamvu mpaka lero.

Inu amene mtima umakuwawani mnzanu akagulitsa, muziganiza kawiri musanagogode pa zitseko zakuseri. Chuma cha mankhwala sichidya adani anu ayi, chifukwa mdani sakuyandikirani. Chimadya amene amakufunirani zabwino, mmodzimmodzi, ndipo chimamalizira pa uyo amene amakukondani kuposa onse.