Wagitala Atasiya Kuyankha

Telala anakumana ndi Wagitala tsiku limene anaperekeza mng'ono wake kuchipatala. Mtsikanayo anali atasiya sukulu chifukwa cha nkhawa. Akangofika pakhomo la kalasi, mtima unkathamanga. Adokotala anawatumiza kuchipinda cha kumapeto kwa khonde, komwe achinyamata ovutika m'maganizo ankathandizidwa ndi nyimbo.

Wagitala, mnyamata amene ankawathandiza, anapatsa mtsikanayo kang'oma.

"Imba mmene mtima wako ukugundiramo. Eya, choncho! Tsopano tiye tichepetse pang'onopang'ono."

Kenako anacheukira Telala. "Nanunso achemwali, musangoima ngati mlonda. Tengani maseche awa."

Patapita miyezi, mtsikana uja anabwerera kusukulu. Foni ya Telala nayo sinkapuma ndi mauthenga a Wagitala.

"Wanga wa singano, mtima wanga wausokera ku wako. Angaumasule ndani?"

"Iwe ndi pakamwa pako! Madiresi a anthu ndikusoka mokhota chifukwa cha iwe."

"Duwa langa, sindidzakusiya wekha. Ndalonjeza."

Ndiye mwadzidzidzi, zii! Mauthenga osayankhidwa, foni yozimitsa. M'chipinda muja munalowa mayi wina woimba piyano, yemwe anangoti mnzawoyo ali patchuthi. Tchuthi chanji chosatsanzika? Kapena wapeza wina? Telala ankapalasa makina misozi ikudonthera pansalu za eni ake.

Tsiku lina anapita kukamutengera mng'ono wake mankhwala. Pabenchi la odikira adokotala a maganizo panali mnyamata wowonda atazyolika. Anali iyeyo!

"Ukutani pano?"

Wagitala anakanika kumuyang'ana. "Nanenso ndimadwala, wanga. Matendawa anandibwerera, ngakhale kudzuka pabedi kumandikanika. Munthu wothandiza ana a eni ake, ndikanakuuza bwanji?"

Telala anapumira m'mwamba. Anaseka uku akulira.

"Ndiye palibe mkazi wina?"

"Mkazi wina? Ine wokanika ngakhale kupesa tsitsi?"

"Chitsiru iwe! Mng'ono wanga ndinamuthawa atadwala? Nanga iwe ndikanakuthawiranji?"

"Ndikhululukire. Manyazi anandikulira."

"Tikambirana bwino ukachira, usaganize kuti wapulumuka. Wadya?"

Wagitala anapukusa mutu.

Nthawi yomweyo namwino anasuzumira pakhomo n'kumuitana. Ataona Telala, anafunsa: "Nanga awa ndi ndani? Olowa ndi odwala ndi achibale okha."

Wagitala anatsegula pakamwa, koma Telala anali atamugwira kale dzanja.

"Ndine wake. Tsogolani, anamwino."