Kachotupa ka Alaliki

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina wosesa kuchipatala, ndipo sindiwonjezapo kanthu. Mulungu atichitire chifundo tonsefe.

Bambo wojambula mapapo pa makina a sikani, anzawo ankawatcha Alaliki. Wodwala akalowa akununkha fodya, ankayamba amudzudzula kaye. Akalephera kusunga mpweya kuti chithunzi chituluke bwino, iwo ankaseka pa cholankhulira: "Pokoka ndudu mumatha, lero chavuta n'chiyani?"

Ankatero ngakhale kwa mkulu wina wopala matabwa, yemwe ankabwerabwera kudzayezetsa ngati kachotupa ka m'phapo mwake kakukula. Kanakuladi. Mkuluyo anatisiya.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti Alaliki nawonso ankasuta, kuseri kwa jenereta, kenako n'kutafuna chingamu. Tsopano chifuwa chinali chitawakakamira, ndipo tsiku lina anaona timagazi pa kansalu kawo. Koma akanapempha ndani kuti awajambule? Makinawo amafuna anthu awiri: wogona, ndi wodina batani kuseri kwa galasi.

Madzulo ena anzawo ataweruka, anadzikhomera m'chipinda cha makinawo. Anavala mkanjo wa odwala. Anagona pabedi la makina, manja pamwamba pa mutu, kuti angomva mmene zimakhalira.

Bedi linayamba kuyenda.

Anafuna kudzuka, thupi linakana. Makina anayamba kulira chapansipansi. Kuseri kwa galasi kunali mdima, koma pampando wawo panali patakhala munthu. M'chipinda monse munamveka fungo la utuchi.

Cholankhulira chinathetheka.

"Kokani mpweya, achimwene."

Mawu achikulire, osasa. Anawazindikira.

"Sungani."

Alaliki anatsokomola mpaka misozi.

"Pokoka ndudu mumatha," anatero mawuwo. Sanaseke ayi. Anayankhula mofatsa, ngati munthu wodwazika mnzake. "Yesaninso. Inenso ndinkayesa."

Bola akanawakalipira. Manyazi anawawotcha kuposa mantha. Anatseka maso, anakoka mpweya, anausunga.

M'bandakucha mayi wosesa uja anatsegula ndi kiyi wake, n'kuwapeza ali chigonere, manja akadali m'mwamba.

"Alaliki! Mwachita kugona muno? Ndiye mkanjowu mwavaliranji?"

Anangoloza kugalasi.

Kompyuta inali yoyaka. Pa iyo panali mapapo awiri, ndipo m'phapo lakumanja munali kadontho koyera ngati kanjere. Wina anali atakalemba kale mzere pakati, kukula kwake kutalembedwa pambali. Mzerewo unali wowongoka bwino, wa munthu wozolowera kuyeza.

Adokotala atafika anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali.

"Kakadali kakang'ono, tikhoza kulimbana nako. Mukanachedwa, bwenzi tikunena zina. Koma mapapo awa ndi a munthu wosuta, bambo." Anavula magalasi. "Wakujambulani ndani?"

Alaliki anayang'ana zala zakumapazi.

"Munthu wina amene ndinkamuseka."

Kuchipatalako amanong'onezana zosiyanasiyana. Ena amati makina a masiku ano amatha kuyankhula okha. Ena amati alipo mnzawo amene anawathandiza, akungobisa. Mayi wosesayo satsutsana ndi aliyense. Amangoti utuchi umene unali pansi pa mpando anausesa yekha ndi manja ake, ndipo chipatalacho chilibe mmisiri wa matabwa.

Alaliki anabwerera pantchito atachira pambuyo pa opaleshoni. Ulaliki uja unatha. Akuti masiku ano akauza wodwala kuti "sungani mpweya," nawonso amasunga wawo, mpaka wodwalayo atapuma.