Nsofwa ndi Nyenyezi za mu Laputopu

Nsofwa amakhala ku Kabwata, mu mzinda wa Lusaka. Amakhala ndi Ba Anti Charlotte m'fulati ya pamwamba. Nsofwa sagwirizana ndi fumbi. Patebulo amapukuta. Pawindo amapukuta. Ngakhale nsapato za alendo amapukuta, mwana ameneyu!

Koma pali chinthu chimodzi chimene saloledwa kupukuta. Ndi laputopu ya Ba Anti.

Ba Anti amaphunzira za nyenyezi ku yunivesite. Mu laputopu yawo anapangamo mlalang'amba. Unali wozungulira. Unali wowala. Unkayenda pang'onopang'ono.

"Ba Anti, mlalang'amba ni chani?" anafunsa Nsofwa.

"Ni tauni ikulu ya nyenyezi," anatero Ba Anti. "Ona izi zabuluu. Ni makanda, zabadwa manje-manje. Izi zofiila ni nkhalamba."

"Nanga apa pakati powala maningi?"

"Apo pali dzenje lakuda. Likadya gasi, pamawala. Ndiye limauzila mphepo yotentha. Koma nyenyezi zimabadwa mu gasi wozizila chabe."

Mawa lake linali tsiku lalikulu. Ba Anti ankayenera kukaonetsa mlalang'amba wawo kwa aphunzitsi. Diresi yovala tsikulo inali idakali kwa telala. Choncho anatenga kachikwama kawo.

"Niyenda kwa telala ku maketi," anatero. "Iwe uzingoyang'ana. Osagwila, wamvela?"

"Namvela, Ba Anti."

Unali mwezi wa Ogasiti. Mphepo ya Ogasiti ku Lusaka ilibe ulemu. Inakankha windo. Inalowetsa fumbi. Fumbi linakhala patebulo. Fumbi linakhala pampando. Fumbi linakhalanso pa mabatani a laputopu.

Nsofwa anapukuta tebulo. Anapukuta mpando. Kenako anayang'ana laputopu. Anabisa manja kumbuyo. Manja anayabwa. Anawakhalira. Manja anayabwabe.

"Pang'ono chabe," anatero.

Anatenga kansalu. Anapukuta mabatani kuti kwe, kwe. Mabatani anadinika.

Mayo ine! Pakati pa mlalang'amba panawala kuti mbee! Mphepo inatuluka m'dzenje muja. Inapita uku. Inapita uko. Gasi yense anabalalika.

Nsofwa anayang'anitsitsa. Nyenyezi zabuluu zinayamba kuchepa. Zinachepa. Zinachepabe. Palibe khanda limene linabadwa. Mlalang'amba wonse unangoti psuu, nkhalamba zokhazokha.

Nsofwa anachita mantha kwambiri. Wapha nyenyezi za Ba Anti! Nanga mawa Ba Anti akaonetsa chiyani?

Nsofwa anaganiza. Nyenyezi zimafuna gasi wozizira. Ndiye laputopu izizire basi!

Anauzira ndi pakamwa, fuu, fuu. Nyenyezi sizinabadwe.

Anakupiza ndi chivindikiro cha poto. Nyenyezi sizinabadwe.

Anatsegula firiji kuti kuzizira kufike. Nyenyezi sizinabadwe.

"Badwani, napapata," anapempha Nsofwa. Koma nyenyezi zilibe makutu.

Pamasitepe panamveka mapazi. Ko, ko, ko. Nsofwa anatseka firiji. Anaima kutsogolo kwa laputopu. Anatambasula siketi yake kuti abise.

Ba Anti analowa ndi diresi m'manja.

"Ni chani, Nsofwa? Waimilila monga msilikali bwanji?"

Nsofwa anafuna kuyankha. Koma misozi ndiyo inayankha, chuchuchu.

"Ba Anti, napaya nyenyezi zanu! Nenze kupukuta chabe!"

Ba Anti anaika diresi pampando. Anayang'ana laputopu.

"Aa, iwe mwana," anatero Ba Anti. "Ninakuuza kuti osagwila."

"Pepani, Ba Anti."

"Bwela kuno."

Anamukhazika pamiyendo. Anamupukuta misozi ndi chala.

"Wakweza mphepo ya m'dzenje mpaka pamapeto," anatero. "Mphepo yatentha gasi. Yamuthamangitsa. Ndiye makanda aleka kubadwa. Kumwamba kuli milalang'amba yofiila monga uyu. Ambili amene tiphunzila nyenyezi tiganiza kuti izi ndiye zinachitika kumeneko."

"Manje wanu uja wafa?"

"Iyayi. Uja ninasunga bwino. Uyu tizayamba futi. Ine nimayamba futi tsiku lililonse. Ndiye nchito yanga."

Ba Anti anadina batani. Mlalang'amba unabwerera ku ukhanda. Kenako anazimitsiratu mphepo. Eee! Nyenyezi zinabadwa paliponse. Zinadzaza mbali zonse. Zinathinana ngati anthu mu minibasi ya m'mawa.

"Zachuluka maningi!" anakuwa Nsofwa.

"Waona? Kumwamba sizichuluka so. Mphepo ifunika. Koma ingati? Ndiye chamene nisakila. Leta chala chako kuno, udine."

Nsofwa anabisanso manja kumbuyo.

"Niyopa, Ba Anti."

"Tili awili. Leta."

Ba Anti anayambitsanso mlalang'amba. Anagwira chala cha Nsofwa. Anadina kamodzi. Mphepo inatuluka pang'ono. Gasi wina anathawa. Gasi wina anatsala.

Anadikira. Anadikirabe. Nsofwa anagwira mkono wa Ba Anti zolimba.

Kenako kanthu kabuluu kanati phethi! Kena kanati phethi! Kenanso phethi!

"Ba Anti, zabadwa! Zabadwa!"

Nsofwa anadumphadumpha. Mtima wake unakhala pansi. Koma mwadzidzidzi anaima.

"Ba Anti, nanga mlalang'amba wathu weniweni? Nawo uli na dzenje?"

"Uli nalo. Koma lathu lili phee. Lili gone."

Nsofwa anatong'ola maso. Anaika chala pakamwa pa Ba Anti.

"Shii! Kambani pang'ono-pang'ono. Lingauke."

Ba Anti anaseka mpaka misozi. Anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Anamukumbatira Nsofwa zolimba. Ndipo awiriwo anaonerera nyenyezi zikubadwa, akunong'onezana.