Kapiringu ndi Magetsi a M'dzanja la Bambo

Kapiringu sankakhala pansi. Akadzuka, piringupiringu. Akamadya, piringupiringu. N'chifukwa chake ankamutchula Kapiringu.

Koma Kapiringu anali ndi nkhawa. Dzanja la bambo ake linkadwala.

Bambo ake anali telala. Chala chawo chachikulu chinafooka. Akagwira sizasi, sizasi inkagwa. Akagwira singano, singano inkagwa. Diresi la Kapiringu linangokhala pa mashini, losatha. Linali ndi mkono umodzi wokha.

Tsiku lina bambo anabwera ndi kapepala kochokera kuchipatala. Pa kapepalapo panali mawu amodzi aatali. Kapiringu anawawerenga akupinda zala.

"E-le-ki-ti-ro-ma-yo-gi-ra-fi!"

Zala khumi zonse zinatha.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

"Kaya, mwananga. Akuti n'zamagetsi. Akandipima mawa."

Magetsi! Kapiringu anaimirira. Anazungulira tebulo. Anazunguliranso.

M'mawa mwake anatenga botolo la mafuta odzola. "Magetsiwo akabwera aterereka," anaganiza. Anadzoza dzanja la bambo. Anadzozanso. Anadzozanso kachitatu. Dzanja linachita kunyezimira. Bambo anangomwetulira.

Kuseri kwa kapepala kuja kunali mawu ena. Ankati, "Musadzole mafuta." Koma ndani anatembenuza kapepala? Palibe.

Kuchipatala, Kapiringu ndi bambo anakumana ndi adokotala, mayi wovala magalasi. M'chipinda mwawo munali makina okhala ndi mawaya. Adokotala anamata kawaya padzanja la bambo. Kawaya kanaterereka. Anamatanso. Kanatererekanso.

"Iii! Mafuta onsewa?" adokotala anadabwa. "Apa sitingapime. Mwina mudzabwere mwezi wamawa."

Mwezi wamawa! Bambo anayang'ana pansi. Kapiringu anamva chisoni. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Ndine ndawadzoza," anatero. "Ndimaopa kuti magetsi awagwira."

Adokotala anaseka pang'ono. Anagwada pafupi naye.

"Mwanawe, magetsiwo ali kale m'thupi. Ndi ochepa kwambiri. Ndi amene amauza minofu kuti igwire ntchito. Mawu aatali aja amatanthauza kujambula magetsi a m'minofu. Makinawa amawamva, kenako amawajambula."

"Inenso ndili nawo?"

"Iwe ndiye uli nawo ambiri! Thamanga, kawathandize bambo kusamba dzanja."

Kuthamanga? Imeneyo inali ntchito yake. Kapiringu anatsegula mpopi. Anapaka sopo. Anatsuka. Anapakanso sopo. Anapukuta ndi thaulo mpaka dzanja linauma gwaa.

Tsopano kawaya kanamatirira. Kenako adokotala anatulutsa kasingano kowonda ngati tsitsi.

Bambo anatong'ola maso. Tangoganizani! Telala wamkulu, wogwira singano tsiku ndi tsiku, kuopa kasingano!

Kasingano kanalowa m'munsi mwa chala chachikulu. Makina anayamba kusokosera. Thetheee! Thetheee!

"Bambo, masulani dzanja," anatero adokotala. "Mnofu ukapuma, makina amakhala chete. Ndiyenera kumva zimenezo kaye."

Bambo anayesa. Dzanja silinamasuke. Anayesanso. Makina ankasokoserabe.

Kapiringu anaima. Anakhala. Anaimanso. Miyendo yake inkafuna kuthamanga. Koma anaona thukuta pamphumi pa bambo.

Anakoka kampando. Anakhala pansi. Anagwira dzanja lina la bambo.

"Bambo, yang'anani ine," ananong'ona. "Tiyeni tipikisane. Woyamba kugwedezeka waluza."

Bambo anamuyang'ana. Kapiringu sanagwedezeke. Mphuno inamuyabwa. Sanaikande. Phazi linachita dzanzi. Sanalisunthe.

Pang'onopang'ono, dzanja la bambo linamasuka. Makina anangoti zii.

"Eya!" anatero adokotala. "Tsopano kwezani chala chija."

Bambo anakweza chala. Makina analira ngati mvula padenga la malata. Mizere inadumphadumpha pagalasi la makinawo.

"Mwamva? Mnofu uli moyo. Vuto ndi kamtsempha kamene kapanikizika pamfundo ya dzanja. Tidzakamasula. Mudzasokanso."

Kapiringu anadumpha. Kampando kanagwa. Palibe anamukalipira.

Panapita milungu. Adokotala anachita opaleshoni ndi kumasula kamtsempha kaja. Bala linapola. Chala chinayamba kulimba.

Tsiku lina masana, Kapiringu anabwera kuchokera kusukulu. Anamva phokoso m'nyumba. Kwe! Kwe! Inali sizasi. Sinagwe.

Amayi ake anali ataima pakhomo, akumwetulira. Bambo ananyamula diresi lija. Linali ndi mikono iwiri!

"Bwera ndikuyese," anatero bambo. "Koma uime osagwedezeka."

"Ndimatha!" anatero Kapiringu. "Paja munaluza ndinu."

Onse anaseka. Kapiringu anaima nji. Bambo anamanga mabatani, limodzi limodzi, ndi chala chawo chachikulu chija.