Galimoto ya Watayi Ikudonthanso

Anakumana pa siteji ya basi, tsiku limene kagalimoto kakale ka mnyamatayo kanatsokomola, kufuka utsi, n'kuzima pamaso pa anthu onse.

Pamzere wodikira basi panali mtsikana wovala ovololo yothimbirira. Anali makaniko pa galaja ya achimwene ake, ndipo aliyense ankangomuti Nasipanala. Ataona mwini galimoto akutuluka, tayi pakhosi, nsapato zili waliwali, n'kumayang'ana injini ngati akuona maliro, analephera kuugwira mtima.

"Achimwene, musailizenso. Mupha injini."

"Ndinu dokotala wake?"

"Tasunthani."

Anasolola kawaya koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, n'kukasololanso. Kouma gwa! Pansi pa galimoto panali kadziwe kakuda.

"Oyilo yense mwamwetsa msewu. Mubwere nayo ku galaja yathu, kuseri kwa msikako, koma muchite kuikoka."

"Ndibwera," anatero mnyamatayo akumwetulira. "Koma mundiuziretu, chemwali, maso okongolawa mumayang'anira injini zokha?"

Nasipanala anamutsonya. Koma basi yake itabwera, inamusiya ali pomwepo.

Mawa lake galimoto inafika pa chingwe. Amakaniko anzake atangoona tayi ija, dzina linapezeka pomwepo: Watayi. Ntchito yake inali yoyenda m'masitolo kugulitsa mafuta odzola, ndipo pakamwa pake panali poterera ngati katundu wakeyo.

Nasipanala sankafuna kulota pofufuza podontha. Injini yakale imadetsedwa paliponse, ndiye ukangothamangira kusintha chimene waona chanyowa, umasintha chosalakwa. Iye anaitsuka yonse ndi palafini, kuidikira kuti iume, kenako n'kuiwaza paudala wa ana mpaka inayera mbuu.

"Mukuidzoza ikupita ku ukwati?" anafunsa Watayi.

"Lizani, muone."

Injini italira kwa kanthawi, kamzere kakuda kanatulukira pa paudalayo, kuchokera m'mphepete mwa chivundikiro cha pamwamba, n'kumatsetserekera pansi. Gasiketi, kalabala kotseka mpata wa chivundikirocho, inali itauma n'kung'aluka. Nasipanala anapala yakaleyo, kuika yatsopano, n'kumanga maboti pang'onopang'ono, uku ndi uku mosinthanitsa, kuti chivundikiro chikhale bwino. Kudontha kunatheratu.

Madzulo ake foni yake inalira.

"Mwatseka podontha pa galimoto, koma mwaboola mtima wanga. Umenewu aukonza ndani?"

Nasipanala anauwerenga uthengawo mpaka anauloweza. Iye amene amuna ankamuopa chifukwa cha zikhatho zokhakhala, lero wina akumulembera zotere? Sipanapite nthawi, "inu" uja anasanduka "iwe", ndipo mauthenga ankagwa ngati mvula.

"Duwa langa, wadzuka bwanji?"

"Manja ako akuda ndi oyilowo ndimawakonda kuposa a wina aliyense."

"Ine popanda iwe ndine galimoto yopanda makiyi."

Tsiku lina anagwada pakati pa galaja, thalauza lake losita likunyowa ndi oyilo, n'kumuveka mphete. "Wapamtima wanga, palibenso wina. Abale anga abwera kudzaonana ndi achimwene ako, chaka chino chisanathe ukhala mkazi wanga."

Nasipanala analira ndi chimwemwe. Mpheteyo sankaivula ngakhale pogwira ntchito, chinthu chimene makaniko wanzeru sachita. Achimwene ake, bambo wa dzitho wosakonda zolankhulalankhula, anangopukusa mutu.

"Mlongo wanga, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kunyumba kwake unafikako?"

"Akuti akukhala ndi azakhali ake ovuta."

"Chabwino."

Ndiye zinthu zinayamba kusintha. Akapangana kuti akumana madzulo, m'malo mwa munthu kunkabwera uthenga.

"Duwa langa, pepa. Yayambanso kudontha. Ndaima patali, ndigona kwa mnzanga."

Sabata yotsatira chimodzimodzi. Ina ija chimodzimodzinso. Akamuuza kuti abwere nayo aione, Watayi ankati ntchito yachuluka, angowonjezera oyilo basi. Akafika pa galaja ankangotsegula boneti mwachangu, kumuonetsa injini yonyowa, n'kutseka.

Anzake anayamba kumuseka. "Nasipanala, chikondi chakufewetsa manja! Gasiketi imodzi yokha yakukanika?"

Zinkamuwawa pawiri. Ntchito yake inali isanabwererepo, komanso ankadziimba mlandu kuti ndi iyeyo amene akugonetsa mwamuna wake panjira. Abale aja nawo sanabwere, akuti galimoto yosadalirika sangakwezemo anthu aakulu. Ndiye ukwati wake uime chifukwa cha kadontho ka oyilo?

Loweruka lina m'mawa Watayi atabwera kudzamupatsa moni, Nasipanala anazula makiyi n'kuwaponya m'thumba la ovololo.

"Lero sichoka pano mpaka ndipapeze."

"Wapamtima, ndili ndi makasitomala…"

"Adikire."

Watayi anakhala pa tayala lakale, nkhope itagwa, n'kumaseweretsa foni.

Atatsegula boneti, Nasipanala anaima kaye. Oyilo anali ponseponse, inde, koma anali wachikasu, woyera ngati wongotuluka m'botolo. Oyilo wodontha m'injini yakale amakhala wakuda. Ndiponso ameneyu anali pamwamba penipeni pa chivundikiro, pamene wodontha sangakwere. Koma anadzikhazika mtima pansi. Mwina anatayikira powonjezera.

Anatsuka ndi palafini. Anaumitsa. Anawaza paudala, n'kuliza injini. Anadikira mpaka inatentha, kuponda moto, kudikiranso. Anasuzumira pa gasiketi, pa fyuluta, pa boti ya pansi yotulutsira oyilo. Paudala anali woyera ngati mmene anamuwazira. Galimotoyo siinkadontha, ndipo siinadonthepo chiikonzereni.

Anatsamira pa galimoto ndi dzanja lamanzere, mutu uli zweee. Ndiye munthuyu amachita kuthira yekha oyilo pamwamba pa injini? Madzulo onse aja amakhala kuti?

Sanamve n'komwe kuti kumbuyo kwake kwafika munthu.

"Ndiwe hule wa pa galaja uja?"

Asanacheuke, wina anakankha kachitsulo kochirikiza boneti. Boneti inagwa ndi mphamvu, phwaa, pa dzanja lake. Nasipanala anakuwa mpaka galaja yonse inaima. Pamene ankasolola dzanja, anamukoka tsitsi n'kumugwetsera pansi.

Anali mayi wamtali, wovala diresi ya ku ofesi, maso ali psuu. Anamuthira mbama, ina, inanso. Nasipanala anamukankha ndi bondo, onse n'kugubuduka m'matope a oyilo, kukandana, kung'ambirana zovala. Mayiyo ataona mphete pa chala chotuluka magazi, anachita ngati wapenga.

"Mpaka mphete! Mwamuna wanga wakuveka mphete, ine ndili ndi ana ake kunyumba!"

Anatola sipanala ya matayala n'kuikweza m'mwamba. Achimwene ake a Nasipanala anafika ikutsika kale, n'kuigwira m'malere. Akanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina.

"Mayi, mupha munthu! Chavuta n'chiyani?"

"Mufunseni uyo!" Mayiyo analoza Watayi, amene anali ataimirira kuseri kwa galimoto ija, tayi itapotoka. "Galimoto iyi ndinagula ndine. Sabata iliyonse akuti ikudontha, ili ku galaja, agona konkuno kudikira amakaniko. Anthu andiuza zonse! Bambo a ana, nenani, mtsikana uyu ndi ndani wanu?"

Nasipanala anadzutsa mutu. Mlomo unali utang'ambika. Ngakhale zinali choncho, kamtima kena kopusa kankadikirabe kuti mwamunayo anene mawu amodzi okha omuteteza.

Watayi anakonza tayi yake. "Mayi a kunyumba, mtima pansi. Uyu ndi makaniko chabe. Amangondikakamira, mphetezo anagula yekha."

Makaniko chabe! Boneti ija siinamupweteke ngati mawu amenewa. Duwa lija, wapamtima uja, lero wasanduka makaniko chabe?

Anaimirira movutika, atakumbatira dzanja pachifuwa. Misozi inkatsika, koma mawu anatuluka osanjenjemera.

"Mayi, kuti ali pabanja sindimadziwa, Mulungu ndi mboni. Koma bwerani muone chimene makaniko chabe wapeza. Achimwene, tatsegulani."

Achimwene ake anakweza boneti. Injini inali mbuu.

"Paudala uyu akanada pakanakhala podontha. Galimoto yanu ndi yabwinobwino. Pagalaja pano siinagonepo, ngakhale tsiku limodzi, funsani aliyense." Anatulutsa foni ndi dzanja lamanja n'kumupatsa mayiyo. "Werengani zimene amandilembera ine masiku amene inu amakuuzani kuti ali kuno."

Mayiyo anawerenga, milomo ikuyenda. "Ndaima patali… ndigona kwa mnzanga…" Anayang'ana injini, kuyang'ana mtsikana amene anamuvulaza, kenako anatembenukira kwa mwamuna wake pang'onopang'ono.

"Kwa ine kunalibe. Kwa uyu kunalibe. Ndiye mumagona kwa ndani?"

Watayi anatsegula pakamwa, koma shuga yense anali atatha.

"Ndikufunsa! Alipo wachitatu?"

Mayiyo analanda sipanala ija m'manja mwa achimwene n'kuiponya. Watayi anawerama, sipanala n'kukaphwanya galasi la kutsogolo la galimoto yawo yomwe. Anati athawe, koma anaterereka pa oyilo n'kugwa chagada. Achimwene anamudzutsa ndi tayi yomwe ija, n'kumuthira chibakera chimodzi chimene chinamulavulitsa dzino.

"Ichi n'cha mlongo wanga."

Amakaniko ena anabwera ndi zitsulo m'manja. Apo Watayi anavula tayi, kusiya nsapato imodzi, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, mkazi wake ali pambuyo ndi mwala.

Phokoso litapita kutali, Nasipanala anakhala pansi n'kutsamira tayala la galimoto ija. Chala chinali chitatupa, chabiriwira, mphete italowa m'mnofu. Anayesa kuikoka, n'kukuwa ndi ululu. Anapaka sopo, anapaka girisi, koma siinasunthe.

Achimwene ake anagwada pambali pake. Munthu wouma mtima uja maso ake anali atalengeza misozi.

"Tiye kuchipatala, mlongo wanga. Chala ichi chathyoka. Mpheteyo akakuvula komweko."

"Ayi. Sindituluka nayo pano."

"Ikupweteka kwambiri ndikaigwira."

"Achimwene, ndimamukonda munthu uja. Ndimamukonda ndi mtima wanga wonse, mpaka pano ndikumukondabe, ndiye n'chifukwa chake sindikufuna kuti ifike nane madzulo." Anatambasula dzanja lija, n'kutembenuzira nkhope kumbali. "Tengani pulayazi yodulira waya. Dulani."

Achimwene ake anaitenga, n'kudula.