Bokosi la a Bernadetta

Madzulo amenewo Jesinta adatseka msanga. Udali mwezi wa Julayi, ndipo amene akuidziwa Dedza akudziwa kuti nyengo imeneyo chifunga chimatsika m'phiri dzuwa likadalipo, n'kudzakhala pakhomo ngati mlendo wopanda manyazi. Alendo enieni padalibe. Sabata yonseyo kudangobwera aphunzitsi awiri, nawonso kudali kuthawa kamvula kowaza.

Jesinta ankasamala kanyumba kosungiramo zosema ndi zojambula, kunja kwa tawuni, m'munsi mwa mitengo ya paini. Pachikwangwani adalembapo kuti myuziyamu, koma anthu a pamsika ankangoti kwa mayi a ziboliboli. Ntchito yake idali nkhondo yosatha yolimbana ndi chinyontho, chuku ndi chiswe. Ankagona yekha m'kachipinda ka kumbuyo. Mwamuna adapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, ana sadakhalepo. Amene ankawapatsa moni m'mawa uliwonse adali anthu a mtengo, ndipo sankayankha.

Mlendo wokhazikika adali mmodzi, a Dominiko a ku Kaphuka, mkulu wosema amene manja adali atayamba kunjenjemera. Akazi awo, a Bernadetta, adamwalira kalekale iwo ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Uthenga udachedwa. Pofika pamudzi adangopeza mtumbira, nkhope sadaione. Chilonda chimenecho sichidapole. Adagwetsa m'bawa nasema akazi awo ataimirira, mpango kumutu, manja atawapinda pamimba, kampata ka m'mano kakuonekera. Denga la kwawo litayamba kudontha, adabwera nawo kwa Jesinta pangolo.

"Sindikugulitsa ayi," adatero tsiku limenelo. "Ndikukubwerekani. Koma awa ndi akazi a mwini, mayi. Asadzachoke pano osanditsanzika."

Kuyambira pamenepo ankabwera panjinga mwezi ndi mwezi, kabotolo ka mafuta a nsatsi kali m'thumba. Ankawadzoza a Bernadetta kumaso ndi m'manja, nawauza za mtengo wa feteleza ndi za amene wakwatira. Akatero ankamwa tiyi ndi Jesinta pakhonde. Kunena zoona, tiyi ameneyo ndiye Jesinta ankamudikira mwezi wonse.

Ndiye kumayambiriro kwa mweziwo kudabwera akuluakulu a chionetsero china cha ku Lilongwe. Adazungulira nyumba yonse, naima pa a Bernadetta, nati awa ndiwo tikuwafuna, tibwerekeni. Mtima wa Jesinta udadumpha. Kanyumba kake kadali kasadaitanidweko kwina kulikonse. Adaimba foni ya mdzukulu wa a Dominiko, yosapezeka. Adatuma wogulitsa mbatata ya kachewere wa ku Kaphuka, yankho silidabwere. Masiku adatha, ndipo tsopano lole yodzatenga chosemacho inkabwera m'mawa mwake. Akale adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma Jesinta adadziuza kuti mwezi umodzi si chaka, adzawafotokozera a Dominiko pa tiyi.

Masana a tsiku lachifunga lija Jesinta adalongedza monga adaphunzirira. Chosema chimakulungidwa m'nsalu yoyera yopanda utoto kuti mtengo usathimbirire, chimagonekedwa chagada pa timapilo ta utuchi, kenako bokosi limakhomedwa. Bokosi adapanga a Timoteyo, kalipentala wa m'mphepete mwa msewu, amene mabokosi awo ambiri akapita sabwerera. Adabwera nalo lotakata m'mapewa, loning'a kumiyendo.

"A Timoteyo, ichi n'chiyani?"

"Manja adazolowera, mayi. Komatu si mwati ndi munthu?"

Adaseka onse awiri. A Timoteyo adakhoma misomali, natenga hamala yawo, napita. Bokosi lidatsala m'chipinda chosungira katundu, pamwamba pa mabenchi awiri kuti lisakoke chinyontho cha pansi.

Magetsi adazima kutangoda. Jesinta adayatsa kandulo, nadya mbatata yowiritsa ataimirira. Kunja kudali zii. Ngakhale agalu a ku makina ocheka matabwa sadauwe. Madzi a chifunga okha ankadontha kuchoka pamalata, limodzi, kenako lina.

"Odi."

Mawuwo adachokera kukhomo lakutsogolo, la alendo. Jesinta adaima ndi mbatata m'manja.

"Odi kuno, mayi."

Adawazindikira. Mtima udagwa pansi, kenako udakweranso ndi manyazi, poti adadziwa kuti uthenga wafika. Adatsegula. A Dominiko adali ataima pamasitepe atavala jekete lawo la kutchalitchi, kumapazi kulibe nsapato. Njinga padalibe. Chifunga chonse chija, jekete lidali louma.

"Agogo, usiku uno? Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda."

Sadampatse dzanja. Adalowa, nadutsa zithunzi za pakhoma ndi miphika ya m'magalasi osacheuka, mumdima momwemo, kandulo ikuwatsata pambuyo. Adakaima pakona pamene pankakhala a Bernadetta. Padangotsala thabwa lopondapo, ndi malo awiri oyera pamene fumbi silidafike.

"Ali kuti?"

Jesinta adayamba kufotokoza. Adatchula Lilongwe, adatchula foni, adatchula wa kachewere. Mawu ankatuluka ambiri, ndipo onse adali opepuka ngati mankhusu. A Dominiko sadamudule. Atatha adangofunsanso chimodzimodzi.

"Ali kuti?"

Adawatsogolera kuchipinda cha katundu. Atakweza kandulo, ndi pamene naye adaona chimene maso ake adakana kuona masana. Bokosi la paini, lotakata m'mapewa, lili pa mabenchi awiri pakati pa nyumba. Kansonga ka nsalu yoyera kadapanikizika pachivundikiro. Mitu ya misomali inkanyezimira.

A Dominiko adayang'ana nthawi yaitali.

"Kachiwirinso," adatero pansipansi. "Mwakhomanso ine kulibe."

Sadakalipe. Bwenzi kuli bwino akadakalipa. Adakhala pansi pasimenti yozizira, chakumutu kwa bokosi, nakumbatira mawondo. Adayamba kuimba nyimbo ya pamaliro, ija amayi a kutchalitchi amaimba kukamacha mawu atasasa. Jesinta sadadziwe kuti wakhala pansi nthawi yanji, koma adapezeka ali mbali inayo, miyendo atatambasula, monga amakhalira amayi m'nyumba ya siwa. Ziboliboli za m'mashelefu zidawazinga ngati anthu obwera kudzakhuza. Lawi la kandulo lidaima chilili osagwedezeka, ndipo m'kamwa mwa Jesinta munkatuluka nthunzi ya kuzizira. Adayang'ana pakamwa pa a Dominiko. Ankaimba, koma nthunzi padalibe.

Mantha adamugwira, koma chisoni chidaposa mantha.

"Agogo, ndalakwa. Nditsegula pompano muwaone."

Adatenga mpeni wa kukhitchini nalowetsa pansi pa chivundikiro. Mpeni udapindika. Adayesa supuni, adayesa chitsulo chokolezera mbaula. A Timoteyo akakhoma amakhoma zoti munthu asadzuke. Zikhadabo zidathyoka, bokosi osasuntha.

"Ndikatenge hamala. Musachoke, agogo. Chonde mundidikire."

Nyimbo sidaleke.

Adathamanga m'chifunga ndi tochi ya pafoni, imene inkangounikira zoyera zokhazokha. Njira adaipeza ndi mapazi. Atayandikira msewu adamva sowo ikulira pathabwa. M'shedi ya a Timoteyo munkayaka nyali, ndipo eni ake adali atawerama pathabwa, pensulo ili kukhutu. Pabenchi padakhala abambo awiri atafunda mabulangete, njinga yamoto ili poteropo.

"A Timoteyo, hamala! A Dominiko abwera, akufuna aone akazi awo."

Sowo idaima. Abambo awiri aja adayang'anana. Wamkuluyo adavula chipewa.

"A Dominiko ake ati, mayi?"

"A ku Kaphuka. Osema aja."

"Ife tachokera konko," adatero bamboyo. "Ine ndine mphwawo. Bokosi akupangali ndi lawo. Atisiya masana, dzuwa litangopendeka. Adadwala sabata yonse osayankhula. Lero adadzuka mwadzidzidzi n'kukhala tsonga, akuti, 'Akukhoma. Auzeni adikire, akukhoma.' Ife kumvetsera, pamudzi palibe amene akukhoma kanthu. Pobwerera kudzawagoneka, basi."

A Timoteyo adayang'ana hamala imene idali pathebulo. Sadafune kuigwira, koma adaigwira.

Adapita onse anayi. Chitseko chidali chotsegula monga adachisiyira Jesinta. Kandulo inkayakabe. Nyimbo kudalibe, munthu kudalibe. Pasimenti padali mapazi amatope a Jesinta yekha. A Timoteyo adayendetsa chala pamisomali yonse, umodzi umodzi.

"Ili momwe ndidaikhomera," adatero.

Adazula. Msomali uliwonse unkalira potuluka. Atanyamula chivundikiro, mphwawo wa a Dominiko adabwerera m'mbuyo nagwira pakamwa.

Masana aja Jesinta adali atakulunga yekha chosemacho, mutu wonse, namanga ndi timizere ta nsalu pakhosi ndi pachipumi. Tsopano timizereto tidali titamasulidwa. Nsalu idapindidwa bwinobwino kufika pachibwano, monga amachitira pamwambo woona nkhope. A Bernadetta adali gone, kampata ka m'mano kali poyera, masaya akunyezimira. Fungo la mafuta a nsatsi lidadzaza chipinda chonse.

Lole idafika m'mawa nibwerera yopanda kanthu. A ku Lilongwe adaimba foni mokwiya, Jesinta adangoti mwini wake sadalole. Adawaimika a Bernadetta pakona pawo, nakiya nyumba, nakwera njinga yamoto kupita ku Kaphuka kumaliro a a Dominiko. Pamwambo woona nkhope adaima pamzere ngati wina aliyense. Atafika pabokosi adanong'ona kuti pepani, koma amene adali kumbuyo kwake adamukankha pang'ono kuti mzere uyende.

Pamsika nkhaniyi amaikamba motsitsa mawu. Ogulitsa kachewere amati mkuluyo adapita mokondwa, poti nkhope imene adaisowa zaka zonse zija adaiona. A Timoteyo amati ayi, munthu wokondwa saimba nyimbo imene ija, ndipo bokosi la chosema lija adaliwaza nkhuni tsiku lomwelo, nkhunizo osalola kuti aphikire. Achibale sadabwere kudzatenga chosemacho. Akuti ndani angachichotse, woti n'kumutsanzika kulibe?

Jesinta akadali komweko. Mafuta a nsatsi amagula yekha tsopano. Anzake a kutchalitchi adamuuza kuti asamuke m'kachipinda kaja, akagone kwa anthu, iye adakana. Magetsi akazima ndipo chifunga chikatsika, sakhoma chitseko chakutsogolo. Amakhala pafupi nacho ndi kandulo, kumvetsera. Sikuti saopa. Amaopa ndithu. Koma adawapempha mkulu uja kuti amudikire ndipo sadadikire, adachoka osatsanzika, ndipo Jesinta akudziwa bwino amene adayamba khalidwe limenelo.